Kodi Chiphaso Chikatha, Mlandu Uli kwa Apolisi Okha?

Pali funso limene akatekisti amakumana nalo kawirikawiri m'midzi ya m'mbali mwa mseu. Munthu wayendetsa lole zaka makumi awiri osagunda ngakhale mbuzi. Tsono chiphaso chake chatha, ndipo iye akuyendetsabe. Kodi ameneyu walakwira Boma lokha, kapena walakwiranso mnzake?

Ambiri amayankha kuti luso liri m'manja, siliri m'pepala. Mau amenewa ali ndi choona chake, pakuti tsiku limene chiphaso chikutha manja saiwala chiwongolero. Koma maso amafooka mwakachetechete, mwini wake osazindikira, ndipo nchifukwa chake lamulo la m'Malawi lifuna kuti chiphaso chikonzedwenso pakapita zaka 5. Mai amene akukwera galimoto pa Dedza ndi mwana kumsana sangathe kupima maso a dalaivala, sangamfunse kumene adaphunzira. Iye angopereka moyo wake, pokhulupirira kuti ena adapima kale m'malo mwake. Woyendetsa wopanda chiphaso alandira chikhulupiriro chimenecho ngati kuti nchake, pamene sichiri chake.

Tomasi Woyera wa ku Aquino adaphunzitsa kuti lamulo lolungama la anthu limanga chikumbumtima, chifukwa liikidwa kuti lisunge ubwino wa onse. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chaka cha 1965, udadzudzula anthu opeputsa malamulo a pamseu, amene saona kuti akuika pangozi moyo wao ndi wa anzao. Nkhaniyi tsono ikhudza lamulo lachisanu la Mulungu.

Komabe milandu siilingana. Amene waiwala tsiku, nathamangira kukakonza atangokumbuka, sangafanane ndi uja amene adziwa bwino, nasunga m'thumba ndalama yotsekera pakamwa wapolisi. Ndipo munthu wonyamula mai wodwala pakati pa usiku, popanda wina woyendetsa, palibe wanzeru amene angamuweruze. Woipitsitsa ndiye wogula chiphaso ndi chiphuphu osayesedwa konse: pepala lake likhala loyera, koma likunama tsiku liri lonse.

Ena adandaula kuti ndalama zake nzambiri, ulendo wa ku ofesi ngwautali, ndipo mzere wake ngwotopetsa. Dandaulo limeneli si lopanda pake, ndipo akuluakulu ayenera kulimva. Nayenso mwini galimoto amene atuma wantchito wake pa mseu, akudziwa kuti chiphaso chidatha, asenza gawo lalikulu la mlanduwo, pakuti wantchito waumphawi aopa kuchotsedwa.

Chimene ambiri sachiganizira ndi cha m'mawa mwa ngozi. A inshuwalansi angathe kukana kulipira ngati woyendetsa adalibe chiphaso choyenera. Chindapusa cha kukhoti chipita ku Boma; mkazi wamasiye ndi ana ake abwerera kumudzi chimanjamanja.