Mtsuko Wong'aluka Sautaya

Mawu otitsogolera: 2 Akorinto 4:7 ndi 12:7-10



Tikavala yunifomu yathu timaoneka bwino. Pamaliro ndife timafika m'mamawa, kutunga madzi, kuphika ndi kuchezera nyimbo usiku wonse. Kuchipatala ndife timanyamula phala. Anthu akationa amati, "Amayi aja ngolimba." Ifenso tazolowera kumva choncho, mpaka tayamba kuchita manyazi ndi kufooka kwathu. Mnzathu akatifunsa kuti tadzuka bwanji timati tadzuka bwino, chonsecho sitinagone: mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, bambo sanabwere kunyumba, kapena tikubisa botolo la mankhwala pansi pa zovala kuti wina asalione.

Paulo Woyera sanabise zake. Akhristu a ku Korinto anakopeka ndi aphunzitsi ena odziwa kulankhula, ndipo ankati Paulo ndi wamphamvu m'makalata mokha, koma akafika pamaso saoneka ngati kanthu. Iye sanawayankhe podzikweza. Anawakumbutsa za tsiku limene anathawa ku Damasiko atatsitsidwa m'dengu pazenera la linga, ngati katundu. Kenaka anawauza za minga imene inali m'thupi mwake. Anapempha katatu kuti ichoke, koma sinachoke. Chimene analandira ndi lonjezo lakuti sadzasiyidwa yekha, ndi kuti ntchito ya Mulungu imaoneka bwino mwa munthu amene zake zamuthera. Tiyeni tione bwino apa: Paulo anapemphera ndi chikhulupiriro, koma minga inakhalabe. Choncho wina akatiuza kuti matenda athu sakuchoka chifukwa chikhulupiriro chathu n'chochepa, tisamumvere. Kodi ife tingapose Paulo pa chikhulupiriro?

Paulo yemweyo anatiyerekeza ndi ziwiya zadothi zosungiramo chuma. Ife amayi fanizoli tikulidziwa bwino. Mtsuko ukang'aluka sutunganso madzi, koma agogo athu sankautaya. Ankauika pakona la nyumba n'kusungamo nthanga za maungu ndi mbewu za chaka chamawa. Chiwiya chimene chinaoneka chotha ntchito ndicho chinkasunga chakudya cha banja lonse.

Bungwe lathu lenilenili linayamba motere. M'chaka cha 1876 Mayi Mary Sumner, mkazi wa wansembe wa ku Old Alresford ku England, anaitana amayi a m'parishi kunyumba kwawo kuti akambirane za kulera ana. Amayiwo atafika, Mayi Sumner anagwidwa ndi mantha n'kulephera kulankhula, mpaka anapempha amuna awo kuti alankhule m'malo mwawo. Patapita sabata anawaitananso, ndipo ulendo uno analimba mtima. M'chaka cha 1885 ku Portsmouth, Bishopu Ernest Wilberforce atawapempha mwadzidzidzi kuti alankhule kwa khamu la amayi, anaimirira ali ndi mantha omwewo, ndipo kuchokera pamenepo ntchito inafalikira m'madayosizi ena. Lero Umodzi wa Amayi uli m'mayiko oposa 80. Akanati adikire kuti mantha athe, bwenzi ife tilibe bungwe.

Mpingo wathu m'dziko muno nawonso unayamba ndi misozi. Bishopu Charles Mackenzie anafika ku Magomero mu 1861, koma anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862, asanathe ndi chaka chomwe. Njala ndi matenda zinabalalitsa otsala, ndipo mishoni inasamukira ku Zanzibar. Anthu anati zalephereka. Koma mu 1885 ntchito inakhazikika pa Likoma, ndipo ife amene timagwada paguwa lero ndife zipatso za mbewu imene inaoneka ngati yafera m'nthaka.

Nanga kufooka kumatipindulira chiyani? Choyamba, kumatiphunzitsa kupemphera moona. Zinthu zikamayenda bwino timapemphera ndi milomo, koma zikativuta timapemphera ndi mtima. Chachiwiri, kumatifewetsa pa anzathu. Mayi amene anaikapo mwana m'manda amadziwa kukhala chete pambali pa namfedwa, salalikira zambiri. Chachitatu, kumatimangirira pamodzi. Paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Amene savomera kuti denga lamulemera salandira womuthandiza.

Koma tisasokoneze zinthu. Kuvomera kufooka sikutanthauza kulekerera tchimo, ndiponso sikutanthauza kukhala chete pamene tikuzunzidwa. Mayi amene akumenyedwa kunyumba asauzidwe kuti imeneyo ndi minga yake, angopirira. Ayi. Kunena kuti "ndikuvutika, ndithandizeni" ndiko kufooka kumene Mulungu amakudalitsa. Apite kwa ankhoswe, kwa Bambo wansembe, ndipo moyo ukakhala pachiswe apite kupolisi, ife anzake tikumuperekeza. Wodwala naye apite kuchipatala ndi kumwa mankhwala mokhulupirika, uku tikumupempherera.

Funso lalikulu lili kwa ife atsogoleri a nthambi. Kodi pamisonkhano yathu mayi angathe kulira osaopa kuti mawa nkhani yake imveka pachitsime? Ngati tili ndi pakamwa potayirira, ndife amene tikuphunzitsa anzathu kubisa mabala awo. Tiyeni tiyambe ife kuvomera pamene zatikanika, ndipo zimene tamva tizisunge mumtima ndi kuzitula kwa Mulungu yekha.

Pa Misa tonse timayamba ndi kuulula machimo athu, ndipo paguwa timatambasula manja opanda kanthu. Palibe amene amabwera ndi chake. Amene timamulandirayo ndi Yesu amene anatopa pachitsime cha ku Samariya, analira pamanda a Lazaro, ndipo mtanda wake anamusenzera Simoni wa ku Kirene.

Tipemphere: Atate wachifundo, Inu mukudziwa pamene tang'alukira. Musatitaye, koma sungani mwa ife mbewu zanu, ndipo mutipatse mitima yosunga misozi ya anzathu. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.