Chikomekome cha Mkuyu pa Intaneti

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Makolo ankatanthauza kuti maso amanamizika ndi kukongola kwa kunja. Wosema ziboliboli ku Mua kapena wogulitsa nsomba pa Mtakataka akamasaka makasitomala pa foni, amatsatiridwa ndi anthu a zithunzi zochititsa kaso. Ena mwa iwo ndi maakaunti abodza, ndipo sipatenga nthawi asanayambe kupempha ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba.

Pofuna kuchepetsa khalidweli, Instagram salola munthu kutsatira maakaunti oposa 7,500. Malirewa ndikugwirizana nawo, ngakhale amaphinja wamalonda woona mtima. Chondiwawa n'chakuti wakuba akatsekeredwa amangotsegula akaunti ina, pamene mayi wobedwa ndalama za mpamba wake watsala manja lende.