Betty wa ku Bogotá ndi mabuku abodza

Adzukulu anga, popeza masewero achikondi a Chisipanishi aja mumawakonda mpaka nsima kupserera pamoto, khalani pansi ndikuuzeni za limodzi lomwe linagwedeza dziko ambiri a inu musanabadwe. Dzina lake ndi Yo soy Betty, la fea. Analilemba ndi Fernando Gaitán, ndipo kanema wa RCN ku Colombia analionetsa kuyambira mu Okutobala 1999 mpaka Meyi 2001. Mayiko ena analikonda napanga lawolawo, monga La fea más bella ku Mexico ndi Ugly Betty ku America, onsewa mu 2006.

Mwini nkhani ndi Beatriz Pinzón, mtsikana wa mumzinda wa Bogotá, wophunzira bwino za chuma, koma wa magalasi aakulu, mawaya kumano ndi kuseka komwe anthu amatembenuka nako. Ana María Orozco ndiye anasewera mbali imeneyi. Ntchito yolingana ndi maphunziro ake itasowa, Betty analowa ulembi ku Ecomoda, kampani yosoka zovala zamafashoni. Kumeneko anamuika m'kachipinda kosungiramo katundu, kuseri kwa ofesi ya abwana, kuti alendo asamamuone. Pakhomo anakhazikapo Patricia, wokongola koma ntchito osaidziwa.

Ambiri akamaonera amangodikira tsiku lomwe Betty adzavule magalasi. Inu maso anu akhale pa mapepala, chifukwa nkhani yagona pamenepo.

Bwana wake, Armando Mendoza, anali mwana wa eni kampani, ndipo anali ndi chibwenzi cha ukwati ndi Marcela Valencia. Anayendetsa zinthu mwaphuma, kampani n'kumira m'ngongole. Pofuna kuti mabanki asalande katundu, anatsegula kampani ina, Terramoda, n'kuilembetsa m'dzina la Betty, kuti iyo ndiyo iyambe kugwira chuma cha Ecomoda ngati chikole. Kenako anapempha Betty kuti akonze mabuku a ndalama, manambala aoneke bwino pamaso pa akuluakulu a kampani. Betty anavomera. Mtsikana yemweyo amene anakana ziphuphu za ogulitsa nsalu, mwana wa Don Hermes, bambo amene moyo wake wonse ankanyadira mabuku oyera, analemba bodza ndi dzanja lake. Ndalama zinalephera kumugula, koma mawu okoma a munthu amene ankamukonda mumtima anamugula.

Apa mpamene mtima wanga umawawa. Armando ataona kuti kampani yonse ili m'manja mwa mlembi, anagwidwa ndi mantha. Mnzake Mario Calderón anamulangiza kuti amufunsire, amunyengerere, kuti asadzawatembenukire. Makadi achikondi anayamba kufika pa desiki la Betty, timphatso, kupsompsonana kobisala. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Tsiku lina Betty anapeza kalata yomwe Mario anasiyira mnzake popita ku ulendo, yofotokoza mphatso iti apereke tsiku liti, yodzaza ndi mawu omunyoza. Taganizirani kuwerenga zotere uli wekha mu ofesi, munthu amene umamupempherera ali kuseri kwa chitseko.

Mwana wanga wamkazi, ndi iwenso mnyamata, mwamuna kapena mkazi amene wayamba kukukonda sabata yomwe wakusungitsa chinsinsi chake, dzina lako litalowa pa ngongole yake kapena pa akaunti yake, umufunse kuti anali kuti masiku onsewa. Akakuuza kuti chibwenzi chikhale cha mseri, pomwe wina akuyenda naye masana, usadzinamize kuti akukuteteza. Ndipo pepala lililonse lomwe akuti saina msanga, pita nalo kaye kwa amalume ako kapena kwa munthu wodziwa malamulo. Zikadzavuta, apolisi adzawerenga dzina lomwe lili pansi pa pepalalo, za kachipinda kaja sadzafunsa.

Chomwe ndimamutamira Betty n'chakuti anadzuka. Anaika manambala enieni pa tebulo la akuluakulu a kampani, nasiya ntchito, n'kupita ku Cartagena ndi Catalina Ángel, mayi amene anamuona ngati munthu. Kusintha tsitsi ndi zovala kunabwera pambuyo. Atabwerera anakhala mkulu wa Ecomoda, ndipo anaitulutsa m'ngongole ndi nzeru zomwe anali nazo kale ali m'kachipinda.

Pomaliza anamukhululukira Armando, n'kukwatirana, ndipo owonera analira ndi chimwemwe. Ine ukwati umenewo sindiuombera m'manja kwambiri. Armando anavutikadi, analapa, koma wolemba sewero ali ndi mphamvu yosintha mtima wa munthu pofika gawo lomaliza, ndipo inu mphamvu imeneyo mulibe. Ngakhale opanga masewerowa, pomwe anaipitiriza nkhaniyi pa Prime Video mu 2024, anationetsa Betty ndi Armando akukhala kosiyana, mwana wawo Mila atakula, ukwati uli pafupi kutha.