Mfundo zofunika kuchokera kwa akavalo amkuwa

M'masitolo a zinthu zakale ku Ulaya mumapezeka tiziboliboli tamkuwa ta munthu ali pakavalo, tongokwana pathebulo. Tambiri tinapangidwa m'zaka za m'ma 1800 potengera ziboliboli zikuluzikulu za ku Italy, ndipo alendo ankatigula pobwerera kwawo. Tiyeni, abale ndi alongo, tinyamule kamodzi, tikatembenuze uku ndi uku.

1. Chotengera pa chotengera chimachepa. Mkuwa wosungunuka ukamazizira m'chikombole umachepa pang'ono. Mmisiri akaumba chikombole chake pa kachiboliboli kotengera kale, chotulukamo chimakhala chocheperako, mitsempha ya m'miyendo ya kavalo n'kufufutika, makwinya a pakhosi n'kusalala. Odziwa malondawa amangoyendetsa chala, basi adziwa. Nanga ife, ulemu wathu ndi pemphero lathu tinazitengera kwa yani? Kwa wozikhala, kapena kwa wongomvanso kwa wina?

2. Ngwazi nayo imatsamira. Mumzinda wa Padua muli chiboliboli cha Gattamelata, mkulu wa asilikali aganyu, chimene Donatello anamaliza mu 1453. Mwendo wakutsogolo wa kavalo wake waponda pa kampira kamkuwa. Ambiri amaona lupanga ndi nkhope yolimbayo, kampirako osakaona, chonsecho kakuthandiza kuchirikiza chinyama chonsecho. Kodi amene anatichirikiza ife timawatchula kangati?

3. Lonjezo likhoza kusungidwa n'kuphwanyidwa nthawi imodzi. Apa tikhalitsepo. Bartolomeo Colleoni anamwalira mu 1475, atasiyira boma la Venice chuma chambiri, n'kupempha kuti chiboliboli chake chidzaime patsogolo pa San Marco, tchalitchi chachikulu cha pabwalo lotchuka la mzindawo. Akuluakulu a mzindawo chumacho anachifuna, koma kulemekeza munthu mmodzi pabwalo limenelo sanafune. Ndiye anachiimika kutali ndithu, patsogolo pa nyumba ya bungwe lotchedwa Scuola Grande di San Marco. Dzina ndi lomwelo, malo ndi ena! Munthu ukhoza kuseka kuchenjera kwake, inenso ndinaseka, mpaka nditakumbukira mmene timachitira ndi mawu a malemu maliro akangotha. "Anati ana aphunzire, koma sananene sukulu yake." Si mmene timayankhulira pogawana chuma cha masiye?

Pa chiboliboli chomwechi palinso kena. Anachiumba ndi Andrea del Verrocchio, koma anamwalira mu 1488 mkuwa usanathiridwe. Alessandro Leopardi ndiye anamaliza, ndipo dzina limene lili pa lamba wa kavaloyo ndi lake. Anagwiradi ntchito yovuta, tisamulande. Koma tikakolola m'munda wolima wina, pakamwa pathu pamatuluka dzina la yani?

4. Zabwino sizidikira. Pali kavalo mmodzi amene opanga tiziboliboli tija sakanatengerapo, chifukwa sanafike pokhala wamkuwa. Leonardo da Vinci anatha zaka akukonza kavalo wamkulu wa banja la Sforza ku Milan. Mu 1493 Leonardo anaonetsa kavalo wadongo, anthu n'kugoma. Chaka chotsatira nkhondo inayandikira, mkuwa umene anasungira kavaloyo unaperekedwa kuti akapangire mizinga. Mu 1499 asilikali a ku France atalowa mumzindawo, kavalo wadongo uja ankaphunzirirapo kulasa mivi. Ndi zabwino zingati zimene ifenso tikuzisungira mawa, tikuti tidzapepesa, tidzapita kukaona abale?