Kodi kulira galu ndi tchimo?

Kwathu kuno galu akafa, palibe maliro. Amakamutaya kuthengo kapena kudzala, basi. Amene mtima ukumupweteka amabisa misozi, poti akudziwa kale zimene amve: "Si galu chabe uyo? Kapezeni wina." Ena amati kulira nyama n'kupeputsa abale athu amene anatisiya. Ine pamenepo ndimakana.

Wathu anali Tigeri, wa khutu limodzi lopindika, amene ankandichingamira pamphambano ndikamachokera kumunda. Njoka inamuluma kuseri kwa nkhokwe. Khosi linatupa, anachezera kubuula, kukucha wauma. Mwana wanga wamkazi atawona mbale yake ili ndi mkute wadzulo, anandifunsa kuti, "Ababa, kodi Mulungu amamudziwa Tigeri?"

Mkulu wina wa mpingo anati nyama zilibe mzimu, nkhani ithere pomwepo. Maganizo otere ndi akale. Thomas Aquinas, mphunzitsi wa zaumulungu amene anamwalira mu 1274, ankaphunzitsa kuti moyo wa nyama umatha thupi likafa. Komatu Mlaliki, m'mutu 3, salankhula motsimikiza chotero. Amaika munthu ndi nyama pa mpweya umodzi ndi fumbi limodzi, ndipo za kumene mzimu wa nyama umapita amazisiya zili funso.

Imene imandikhazika mtima pansi ndi nkhani ya mu 2 Samueli 12. Mneneri Natani, pofuna kudzudzula Davide pa imfa ya Uriya, anamusimbira za mmphawi amene anali ndi kamwana ka nkhosa kamodzi kokha, koleredwa pamodzi ndi ana ake, kodya ndi kumwa naye. Atamva kuti munthu wina wolemera anakapha, Davide anapsa mtima koopsa. Iyeyo anakulira kubusa, ankadziwa kuti chikondi chotere chilipodi. Chikanakhala chopanda pake, fanizolo silikanamulasa. Nakonso kumapeto kwa buku la Yona, Mulungu pochitira chifundo mzinda wa Nineve akutchula ndi ziweto zomwe.

Sindikufanizira Tigeri ndi mayi anga, amene imfa yawo imandiwawabe mwa mtundu wina. Sitinamuimbire nyimbo, sitinaitane anthu. Tinangomukumbira dzenje lakuya kuti afisi asamufukule. Mwanayo ndinamuyankha kuti inde, amene anamulenga amamudziwa, ndipo ndinauza azakhali ake kuti asamuletse kulira.