Kodi Kusintha Mbali N'kulakwa?

M'chaka cha 2019 a Atupele Muluzi anapikisana ndi a Peter Mutharika; pofika 2020 anaima ngati wachiwiri wao. Malemu a Saulos Chilima anatsutsana ndi a Lazarus Chakwera pa mtsutso wa 2019 mu Lilongwe, koma 2020 anayendera limodzi mu mgwirizano wa Tonse. M'maminibasi a ku Kawale ndi kwa Chinsapo mlanduwu sautalikitsa: akuti onsewo ndi dyera basi.

Ine sindiweruza msanga chotero. Kufuna mpando si tchimo, ndipo munthu wosasintha maganizo ndi chitsa. Khoti litafafaniza chisankho cha 2019 n'kugamula kuti wopambana azipitirira theka la mavoti, woima yekha anayeneradi kulingaliranso.

Chondivuta n'china. Mai wogulitsa tomato ku Mgona anamva mtsutso uja pa wailesi, nakavota kaamba ka mau amene anamvawo. Mau amenewo ndi ngongole. Tsono wosintha mbali ndimfunsa chimodzi: zimene munkanenera mnzanuyo zinali zabodza, kapena zikadali zoona koma mwazikhululuka? Akayankha poyera, ndimlemekeza. Akangoti zii, ndiye kuti mai uja anangomuyesa makwerero.