Kodi Msilikali Angamange Bala la Mdani?

M'bandakucha, pa msewu wochokera ku boma la Mchinji kulowera ku chipata cha Mwami, mumakumana ndi anyamata ndi atsikana akuthamanga thukuta lili kamukamu. Ena mwa iwo akukonzekera kulowa usilikali, ndipo maso awo ali ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima. Akulimbitsa miyendo ndi chifuwa, zomwe n'zofunikadi. Koma pali funso limene kuthamanga sikungayankhe. Kodi munthu amene waphunzira kuombera mfuti angathenso kugwada ndi kumanga bala la yemwe amafuna kumupha?

Tiyambe ndi chitsanzo cha Chancy Chitete, msilikali wa ku Malawi amene anali m'gulu losungitsa mtendere la United Nations ku Congo. Mu Novembala 2018, pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za ADF pafupi ndi Beni, iye anaona msilikali wa ku Tanzania atavulala pambalambanda. Anamukokera pobisika, ndipo pamene ankamupatsa chithandizo choyamba, chipolopolo chinamupeza n'kumupha. Wovulala uja anapulumuka. Mu 2019 Chitete anapatsidwa mendulo ya Captain Mbaye Diagne ali m'manda. Palibe angatsutse kuti anachita chamuna, pakuti anafera mnzake wa mbali imodzi.

Nkhani imavuta pamene wovulalayo ali mdani. Tiyerekeze kuti ndinu msilikali wa zachipatala ndipo patsogolo panu pagona anthu awiri. Woyamba ndi mnzanu amene mumadya naye m'mbale imodzi, wathyoka mkono. Wachiwiri ndi mdani, magazi akutuluka mwakuti mukachedwa afa. Mtima ukuuzani kuti muyambe ndi mnzanu. Ena anganenenso kuti mankhwala kunkhondo ndi ochepa, ndipo mdani akachira adzanyamulanso mfuti. Maganizo amenewa sitingawataye ngati opanda nzeru.

Komabe mayiko anagwirizana zina. Henry Dunant ataona ovulala zikwizikwi atasiyidwa pa nkhondo ya ku Solferino mu 1859, anayamba ntchito imene inabala bungwe la Red Cross ndi pangano loyamba la ku Geneva la 1864. Mapangano a 1949, amene dziko la Malawi linavomereza mu 1968, amalamula kuti ovulala onse asamalidwe mosasankha, ndipo chimene chingachititse wina kutsogola ndi kukula kwa vuto lake basi. Chifukwa chake n'chomveka. Msilikali amaloledwa kuombera munthu chifukwa cha ngozi imene munthuyo akubweretsa. Akagwa n'kutaya mfuti, ngoziyo yatha, ndipo watsala ndi munthu wofuna thandizo. Tikumbukenso kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lamulo limene lateteza mdani lero ndilo lidzateteze mwana wa ku Malawi akadzagwa m'manja mwa adani.

Ife a ku Mchinji tiyenera kumvetsa izi msanga kuposa ena. Malire athu ndi Zambia ndi Mozambique anadutsa pakati pa abale. Achewa a kuno amapita ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo Angoni a kuno ndi amodzi ndi a kwa Mpezeni ku Chipata. Nkhondo ya ku Mozambique isanathe mu 1992, makolo athu analandira othawa nkhondo m'midzi mwawo. Motero tikudziwa kuti amene ali tsidya lina la malire ali ndi mayi amene amamudikira.

Choncho wachinyamata wofuna kuvala yunifolomu adzifunse funso ili asanalembe kalata yofunsira ntchito. Pakati pa kulira kwa mfuti sipakhala nthawi yosinkhasinkha. Munthu amachita chimene anachikhazikitsa kale mumtima. Miyendo ingalimbe m'miyezi yochepa, koma chikumbumtima chimaumbidwa pang'onopang'ono, kuyambira pa mmene timachitira ndi amene tayambana nawo kusukulu ndi kumudzi.